Chaka chimene aNafosholo anaika fosholo pansi

Dzina lakuti aNafosholo anawapatsa ndi anthu a mumsewu wawo, ndipo iwo sanalikane. Ntchito yawo yeniyeni inali ya utelala. Ankasoka mayunifomu a ana a sukulu pakhonde, pa makina opalasa ndi phazi amene mayi awo anawasiyira. Koma mlendo akafunsa njira ya kwa telala, anthu ankayang'anana. Akati “kwa mayi aja a ngalande,” aliyense ankaloza ndi mlomo.

Nyumba yawo inali yachiwiri kuchokera kumunsi kwa msewu wotsetsereka. Kumtunda, msewuwo unkathera pa thengo lalikulu la udzu, limene anthu ankadulirapo njira popita ku ntchito. Mvula ikagwa, thengolo linkamwa madzi ambiri. Otsala ankatsika ndi ngalande ya simenti ya m'mbali mwa msewu, n'kudutsa pakhomo pa aNafosholo, n'kulowa m'kalavati, chipaipi chachikulu chodutsa pansi pa msewu. Pakamwa pa kalavatiyo ndi pamene chilichonse chimene a kumtunda atopa nacho chinkadzapumira: majumbo, mabotolo, matewera, nsapato zopanda zinzake, mchenga. Pakatseka, madzi ankabwerera m'mbuyo n'kuyamba kusaka khomo lotsika. Khomo lotsika linali la amake mapasa, nyumba yomaliza.

Palibe amene anawatuma ntchito ya ngalandeyo. Bambo awo ankaichita ali moyo, ndipo atamwalira fosholo inangotsala kuseri kwa chitseko. Chaka chomwecho madzi analowa m'nyumba mayi awo ali chigonere, aNafosholo, akadali mtsikana, n'kutenga fosholo ija chifukwa panalibe wina woitenga. Sukulu anaisiyira pamenepo. Analera mlongo wawo wamng'ono, anamuchapira, anamusokera yunifomu chaka ndi chaka mpaka anamaliza maphunziro. Banja analowamo kamodzi, koma mwamunayo ankafuna kuti asamukire kwina, iwo n'kumati tidikire mwanayu amalize sukulu. Mwamunayo sanadikire.

M'mawa uliwonse, makina asanayambe kulira, ankavala magambuti, n'kutenga fosholo, wilibala ndi kachitsulo kopindika kokolera majumbo. Anthu opita ku ntchito ankawapatsa moni. “Mwayamba kale, mayi? Mulungu akudalitseni!” Ena ankadalitsa chotero akusenda nthochi, khoko lake n'kugwera m'ngalande momwemo, patsogolo pang'ono.

Masana aNafosholo ankadutsanso kwa amake mapasa. Mayiwo ankagulitsa zovala pamsika, mapasa awo anakula n'kupita kutali, ndipo amuna awo, aDalaivala, anafa ziwalo mbali imodzi. Ankagona pa matiresi pansi, chifukwa tsiku lina anagwa pabedi ndipo mkazi yekha sakanatha kuwanyamula. ANafosholo ankawatembenuza, kuwapatsa madzi, n'kumvetsera nthabwala zawo zotuluka ndi theka la pakamwa. Akafuna munthu, aDalaivala ankamenyetsa kapu yachitsulo pansi.

Mlongo uja anapeza ntchito ku khonsolo, mu ofesi yoona mapulani a anthu ofuna kumanga. Mumsewumo ankamutcha Wakukhonsolo. Ankachita lendi kutsidya lina la tawuni, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, nsapato zili waliwali, akulumpha matope ngati sanakuliremo. Ndiye amene anaimba foni tsiku lina m'chilimwe.

“Achemwali, Lachinayi tikubwera kumeneko ndi abwana.”

“Kudzatani? Nditereke tiyi?”

“Si zocheza. Thengo lija aligula, akufuna kumangapo nyumba zambiri. Tikudzaona ngalande.”

“Ndiye ineyo nditani?”



“Mungosesako pang'ono. Mukudziwa mmene pamaonekera paja. Abwanawa sadziwa kuti ndi kwathu. Komanso musauze munthu kuti ndakuimbirani. Maulendo amenewa timangofika mwadzidzidzi.”

“Iwe, ndinayamba kusesa pano usanadziwe kumina.”

Anaseka onse. Koma atadula foni, aNafosholo anatuluka n'kuyang'ana msewu wawo ndi maso a mlendo, ndipo anachita manyazi m'malo mwa mwana amene anamulera.

Sanasese pang'ono. Anasiya mayunifomu ali odulidwa pa tebulo, n'kulowa m'kalavati chokwawa mpaka m'chiuno. Anafukula mchenga umene unauma m'menemo kwa zaka, umene fosholo ya tsiku ndi tsiku sinkaufika. Anazula udzu wa m'ming'alu. Atamaliza, anaona khoma la amake mapasa. Linali ndi mizere ya matope, wina pamwamba pa unzake, chaka chilichonse chimene madzi anakwera chili ndi wake. Anali ndi laimu wotsala m'chitini. Anapaka khoma lawo, wotsalayo n'kupakanso la anzawo.

Amake mapasa pobwera ku msika anatula mtolo wawo n'kugwira m'chiuno.

“Aneba, mwapeza wokufunsirani? Tiuzeni msanga tiyambe kusoka.”

“Ndinangoona kuti laimuyu akuuma pachabe.”

“Abambo!” anafuula amake mapasa cha pawindo. “Nyumba yanu yasamba. Inu nokha ndi amene mwatsala.”

Kapu inalira kawiri m'katimo. Kumeneko kunali kuseka kwa aDalaivala.

Lachinayi galimoto ya khonsolo inaima pakhomo. Abwana aja anali mayi, injiniya, wovala chipewa ndi nsapato zatchire, wosadzikweza. Anagwada pakamwa pa kalavati, anaunikamo ndi tochi, anauza Wakukhonsolo kuti agwire tepi. Mlongoyo anapereka moni kwa achemwali ake ngati kwa munthu wa m'njira. “Mwaswera bwanji, mayi?” ANafosholo anayankha chimodzimodzi. Zinawabaya, komabe ananyadira malaya ake osita bwino.

Injiniya anadzuka, anadzisansa m'mawondo, n'kubwera pakhonde.

“Mayi, mwakhalitsa pano?”

“Ndinabadwira pompano.”

“Ndiye ndinu munthu amene ndikumufuna. Mvula ikachuluka, madzi amafika pati? Anayamba alowapo m'nyumba?”

Funso linali lomveka bwino, ndipo yankho analidziwa. Akanatha kuloza pa khoma la anzawo ngakhale laimu anali atabisa. Koma mlongo wawo anali ataima kumbuyo kwa abwanawo, akukulunga tepi, thukuta lili pamphumi. Kunena kuti madzi amalowa kunali kunena za matewera oyandama pakhomo, za fungo, za kumene mnyamata wa nsapato zowala uja anachokera.

“Ayi, kuno madzi amangodutsa.”

“Zinyalala sizitseka?”

“Apo ndi apo.”

“Anthu a kuno ndi aukhondo,” anatero injiniya, akuyang'ana makoma oyerawo. Anathokoza n'kukwera galimoto. Amake mapasa anali ku msika, aDalaivala anali m'tulo.

Posakhalitsa akatapila anafika kuthengo. Anagwetsa mitengo, anapala udzu wonse, dothi lofiira n'kukhala pamtunda ngati bala. Fumbi linkafika mpaka pa nsalu za pakhonde. Lamulungu lina Wakukhonsolo anabwera ndi buledi, ali wosangalala, n'kukhala pa mpando wa makasitomala.

“Munatigwirira ntchito, achemwali. Abwana anakuyamikirani njira yonse. Ngakhale mwini malo uja wasangalala.”

“Iyeyo zamukhudza bwanji?”

“Dziwe lachepa.”

“Dziwe lanji?”

Anawafotokozera akunyema buledi. Udzu umamwa madzi, koma malata samwa, phula silimwa. Nyumba zikamangidwa, mvula yomweyo imatsika yambiri komanso mothamanga. Ndiye womanga asanapatsidwe chilolezo, amayenera kuonetsa pa pulani kumene madziwo adzapite. Amakumba dziwe kumunsi kwa malo ake, madzi n'kumadikira m'menemo, n'kumatuluka pang'onopang'ono. Ngalande ya kumunsi ikakhala yovutika, dziwe limakula. Ikakhala yabwino, limachepa.

“Ndiye poti yanuyi ndi yabwino, pamene pakanakhala madzi aikapo nyumba zina.”

Phazi la aNafosholo linaima pa chopalasira.

“Ngalande ndi yabwino, kapena wabwino ndine?”

“Mukutanthauza chiyani?”

“M'pulanimo mwandilemba? Mwalemba kuti pali mayi wina wa fosholo, sadwala, sapita ku maliro, sadzafa?”

Mlongoyo anasiya kutafuna. Anayang'ana ngalande, anayang'ana khoma loyera la amake mapasa. Anakulira pomwepo. Ankadziwa mizere imene inali pansi pa laimuyo.

“Kawauze,” anatero aNafosholo. “Kawauze kuti ndinanama.”

“Ndikanena, andifunsa kuti ndadziwa bwanji. Kwanu? Bwanji sunanene? Ndani anauza anthu kuti tikubwera? Achemwali, zimenezo amachotsera nazo munthu ntchito. Aganiza kuti mwini malo anandidyetsa.”

“Nanga aDalaivala? Tiwagulire bwato?”

“Chilolezo tapereka n'chongosalaza malo. Chomangira nyumba chisanatuluke tibweranso, mvula isanayambe.” Anatsitsa mawu. “Abwana akadzaona okha mmene pamakhalira, palibe amene angafunse funso.”

ANafosholo anamva chimene mlongo wawo ankatanthauza. M'mawa mwake anadzuka nthawi yawo ya masiku onse, anafika pa chitseko, anagwira chogwirira cha fosholo, n'kuchisiya.

Kusagwira ntchito kunawavuta kuposa kuigwira. Ankasoka atafulatira msewu, koma khutu linkamva botolo lililonse likugubuduzika. Jumbo loyamba linakodwa pakamwa pa kalavati, linzake linabwera kudzalipeza, kenaka mchenga wofiira wouluzika kuchokera kumtunda unadzaza mipata. Manja ankawayabwa. Tsiku lina anadzipeza ataweramira kale chigoba cha sopo, n'kudzuka ngati munthu wogwidwa akuba.

Anthu anaona msanga, ngakhale kuti zaka zonsezo ankaoneka ngati saona.

“ANafosholo apuma pa ntchito! Phwando lotsanzikana lili liti?” anatero wa pa golosale.

“Msewu wathu ukununkha masiku ano,” anadandaula mayi wina wa kumtunda, ataphimba mphuno ndi mpango. “Kaya anthu atani.”

Palibe anabwereka fosholo. Bambo wina anakankha botolo ndi phazi kuti lichoke pakhomo pake, linapita kukaima pa anzake.

ADalaivala anamva ndi makutu. “Wilibala yanu yadwala?” anafunsa masana ena akumwetsedwa madzi. “Sindikumva kulira kwake. Inali wotchi yanga.”

“Yatopa.”

“Ipititseni ku galaja. Galimoto yoima imaola matayala.”

Madzulo ake amake mapasa anabwera pakhonde atanyamula kabotolo ka mafuta otentha opaka.

“Ndi msana eti? Musabise, ndakuonani mmene mukukhalira pa makinapo.”

Mawu oona anafika pakhosi. Koma kuwatulutsa kunali kutchula mlongo wawo, ndipo amake mapasa ankakhala pamsika tsiku lonse, pamene nkhani imayenda popanda miyendo. Anadziuza choncho.

“Ndi msana.”

“Tembenukani ndikupakeni. Mwasenza msewu wonsewu nokha, anthu osayamika.” Zala za mayiwo zinali zolimba ndi zofunda, ndipo aNafosholo analuma mlomo ngati akumva ululu. “Lamulungu ndikachoka ku tchalitchi mundibwereke fosholoyo, ndichotseko zapakamwazo. Mitambo yayamba kusonkhana.”

“Musadzivute, aneba. Muli ndi odwala. Ndichotsa ndekha mawa.”

Mwa zonse zimene anachita chaka chimenecho, mawu amenewa ndi amene ankawabwerera kwambiri pambuyo pake. Kusiya fosholo kunali kwawo. Koma apa anachita kuilanda m'manja mwa munthu amene ankafuna kudzitchinjiriza.

A khonsolo sanabwere. Sabata ina galimoto inali ku galaja, sabata ina abwana anali ku msonkhano. Masana kunkatentha mpaka malata kulira, madzulo mitambo n'kumaunjikana kumtunda, n'kubalalikanso. ANafosholo ankaimba foni.

“Iwe, kumwambaku ukukuona?”

“Sabata ino, achemwali. Pirirani pang'ono.”

Anadziikira malire okha. Mphepo ikasintha, ndichotsa. Mphepo inasintha, iwo n'kuti, kukagunda. Kunagunda patali, iwo n'kuti, dontho loyamba likagwa. Kenaka mlongo uja anaimba kuti zatsimikizika, galimoto yabwera, abwana avomera, afika mawa m'mawa. Tsiku limodzi lokha. Tsiku la foniyo kunja kunali kutacha koyera, amake mapasa anapita ku msika, aNafosholo anakhala pa makina mtima utatsikako.

Dontho loyamba linagwa dzuwa litapendeka, akulumikiza kolala ya malaya. Analimva pa malata. Anayang'ana fosholo. Mvula yoyamba imangozimitsa fumbi, anadziuza. Ndikachotsa lero, mawa adzaona chiyani? Anamaliza kolalayo. Anadula ulusi. Anatenganso ina.

Atadzutsa mutu, msewu unali utasanduka mtsinje. Madzi ake sanali amene ankawadziwa. Kale ankabwera mochedwa, mvula itagwa kwa kanthawi, ali otuwa. Awa anabwera nthawi imodzi, ofiira, olemera ndi dothi la kumtunda kumene kunalibenso udzu woti uwagwire. Anathamanga osavala magambuti. Pakamwa pa kalavati sipankaoneka, panali chithaphwi chozungulira, mabotolo akuvina pamwamba. Analowa mpaka m'mawondo, anabaya ndi fosholo, anakoka ndi manja. Zimene akanachotsa m'mawa uja ndi wilibala imodzi zinali zitatsindirika ngati khoma.

Kenaka anamva kapu. Sinkalira ngati pa simenti youma. Inkamveka ngati munthu akumenya m'beseni.

Chitseko cha amake mapasa chinali cholemera ndi madzi. M'chipindamo nsapato zinkayandama. Matiresi inali itamira, bulangeti litamata pathupi, ndipo aDalaivala anali atadzutsa mutu ndi chigongono cha mkono wamoyo, chibwano chili pamwamba pa madzi ofiira. Mkono unkanjenjemera. Kapu anali ataikanikiza m'dzanja lomwelo.

“Mwachedwa, kondakitala,” anatero ndi theka la pakamwa, mano akugundana.

Anawagwira m'khwapa, anakoka, anatereza, anakokanso mpaka anawatsamiritsa pa khoma. Kuwanyamula sanathe. Anakuwa pawindo mpaka wa pa golosale ndi amuna ena amene anausa mvula pakhonde pake anabwera. Anawatengera kwa aNafosholo, kumene madzi anathera pa sitepe, n'kuwagoneka pabedi. Anawavula zonyowa, anawafunditsa chilichonse chouma, ngakhale nsalu ya yunifomu yosadula. Thupi lawo linali lozizira ngati mwala wa m'madzi.

Amake mapasa anafika akuthamanga, mtolo atausiya kwa anzawo. Anaona amuna awo, anaona aNafosholo ali matope mpaka m'tsitsi, n'kuwakumbatira.

“Ndi msana wanuwo! Mukanapanda inu, ndikanapeza maliro.”

ANafosholo anaima ngati mtengo m'manja mwa anzawo.

Galimoto ya khonsolo inafikadi m'mawa. Madzi anali ataphwa, asiya matope m'msewu ndi mulu wa zinyalala pakamwa pa kalavati. Injiniya anayenda pang'onopang'ono, analowa m'nyumba ya amake mapasa, anaona matiresi, anakhudza khoma pamene madzi analekezera. Sanakalipe. Anabwera pakhonde paja n'kuyang'ana aNafosholo.

“Zinayamba zachitikapo?”

“Zimachitika. Ndikachedwa kuchotsa.”

“Mukachedwa inuyo? Amachotsa ndi ndani masiku onse?”

“Ndine.”

“Nokha?”

ANafosholo anavomera ndi mutu. Injiniya anatembenukira kwa Wakukhonsolo n'kumuuza kuti chilolezo chomangira chiima. Mwini malo akumbe kaye ngalande zotchinga dothi sabata yomweyo, dziwe aliwerengerenso ngati kuti kalavatiyo ndi yotseka theka. Za ulendo woyamba uja sanafunse, ngakhale anayang'ana khoma la laimu nthawi yaitali asanakwere galimoto.

Mlongoyo anabweranso yekha ataweruka. Anakwera pakhonde akupuma ngati munthu wotula katundu.

“Zatheka, achemwali! Palibe wandifunsa kanthu. Mukanachotsa zinyalala zija, bwenzi dziwe lili lomwe lija. Munachita bwino kupirira.”

ANafosholo anamuyang'ana ndi diso, koma mawu anali atatuluka kale. Windo la kuchipinda linali lotsekula. M'katimo, supuni imene inkagunda m'mbale ya phala la odwala inasiya kulira. Patapita kanthawi inayambanso.

 Usiku umenewo amake mapasa anagona pa mkeka pafupi ndi amuna awo, poti kwawo kunali kusanaume. ADalaivala anali atayamba kutentha thupi ndi kutsokomola, ndipo anagwirizana kuti kukapanda kusintha awatengera ku chipatala mawa lake masana.

Kutacha, aNafosholo anapeza anzawo kuseri, pa mpopi, akuchapa mabulangeti a matope aja. Madzi a m'bafa anali ofiira. Anaima pambali, osadziwa poika manja.

“Msana uli bwanji?” anafunsa amake mapasa osadzutsa mutu.

“Aneba...”

“Ndamva zonse. Za dziwe ndazimva, za ntchito ya mwana wanu ndazimva. Sindine chitsiru, ndikudziwa kuti nyumba zija zikanamangidwa ndi kadziwe kakang'ono tikanasamuka pano.” Anafikisa bulangeti pa mwala. “Koma mukanangondiuza. Ndikanauza ndani? Ine ndimagulitsa zovala, sindigulitsa anthu. Ndikanapempha amuna awiri andikwezere bambowa pabedi, ndiwatchinge ndi mipando. Basi. Zinyalala zanuzo zikanakhala pomwepo mpaka abwanawo adzazione.”

Zinali zophweka chotero. Masabata onse aja aNafosholo ankayeza mlongo wawo mbali imodzi, anzawo mbali ina, ngati kuti njira zinali ziwiri zokha. Sanaganizepo zakuti nkhaniyo akanaisenza awiri. Chiyambire utsikana wawo, chilichonse cha pa ngalandeyo ankachita okha.

“Ndinaopa,” anatero.

“Munandipakitsa mafuta.”

“Eee.”

“Ndinakupakani ndi manja angawa.”

Mpopi unkadontha m'bafa. Kumtunda akatapila anali atayamba kulira. Amake mapasa anadzuka, anatulutsa bulangeti lolemera m'madzi, anayesa kulifinya okha, linawakanika. Analiyang'ana, kenaka anaponya nsonga imodzi kwa aNafosholo.

“Gwirani uko. Musaganize kuti nkhani yatha.”

Anapotokola, wina uku wina uku, madzi ofiira akuchucha pa mapazi awo. Ali pakati, chifuwa chinamveka kuchipinda, chakuya, chotalika. Onse awiri anaima, bulangeti lili m'manja, kudikira kuti amve ngati mpweya ubwerere.